Mtulo ndi Msonkho

Mu ufumu wakale wa Persia munali chigawo chimene dzina lake linali Tsidya la Mtsinje. Mtsinjewo unali Euphrates. Chigawocho chinkayambira pamtsinjepo mpaka kukafika kunyanja ya Mediterranean, ndipo m'kati mwake munali mizinda yotchuka monga Damascus, Tyre, Sidon ndi Jerusalem. Koma msodzi wa ku Sidon akadzuka m'mawa n'kumasoka ukonde wake sankadziona ngati munthu wa tsidya lina. Anali kwawo. Dzinalo linachokera kwa anthu oima kwina, ku Babylon ndi ku Susa, amene ankaloza chala kumadzulo ponena za malo kumene kumachokera siliva, vinyo ndi ngalawa zankhondo.

Ife a kum'mawa kwa Zambia dzina lotere silingatidabwitse. Pa nthawi ya atsamunda dera lathu lonse, kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi, linalembedwapo m'mabuku a boma kuti East Luangwa, ndiye kuti tsidya la kum'mawa la mtsinje wa Luangwa. Lero timatchedwa Chigawo cha Kum'mawa, ndipo tinaleka kufunsa kuti kum'mawa kwa yani. Kwa munthu wa ku Mchinji ife tili kumadzulo. Kwa wa ku Tete tili kumpoto. Ine kwathu ndi ku Chadiza, m'dera la Mfumu Mlolo, kumene munthu amatha kupalasa njinga kukalowa ku Mozambique n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndimaphunzitsa mbiri pasukulu ina ya m'komboni ku Lusaka, ndipo ana ambiri a m'kalasi mwanga, ngakhale a mayina a Phiri ndi Banda, Chadiza amangoyimva ngati malo kumene kumachokera agogo ndi thumba la nshawa.

Dera lakutali limamangiriridwa ku likulu ndi katundu amene amachoka kwa alimi kupita kwa olamulira. Zinali choncho ku Persia, zili choncho kwathu. Chinyanja chili ndi mawu awiri onenera katundu ameneyu. Pali mtulo, pali msonkho. Mtulo timaunena ndi ulemu, msonkho timaunena tikutsinya nkhope. Funso limene lakhala likundivuta n'lakuti, kodi awiriwa amasiyana pati, popeza m'njira zonse ziwiri thumba limachoka pakhomo pa wosauka n'kukalowa pakhomo pa wamphamvu?

Herodotus, Mgiriki amene analemba za nkhondo za Persia zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, amafotokoza kuti pa nthawi ya Cyrus, amene Baibulo lathu limamutcha Koresi, ndi ya mwana wake Cambyses, mitundu yogonjetsedwa inkabweretsa mphatso popanda mlingo woikika. Darius atatenga ufumu mu 522 B.C. anagawa dzikolo m'zigawo 20, chilichonse n'kuchiikira ndalama yake ya pachaka. Babylon ndi madera ake ankapereka matalente 1,000 a siliva, Egypt 700, chigawo cha Phoenicia, Palestine ndi Cyprus 350. Talente imodzi inali pafupifupi makilogalamu 30, choncho muwerengere nokha. Eni ake a ku Persia sankakhoma nawo. Chifukwa cha zimenezi anthu ankati Cyrus anali tate, Cambyses anali mbuye wa akapolo, pamene Darius anali wamalonda wamba, tinene kuti mwini kantemba.

Chodabwitsa n'chakuti pa makwerero a nyumba yachifumu imene Darius yemweyo anayamba kumanga ku Persepolis, amisiri anasema pamwala magulu 23 a mitundu yosiyanasiyana akubwera kwa mfumu ndi akavalo, ngamila, nkhosa, nsalu ndi mbiya. Mtsogoleri wa gulu lililonse wagwiridwa dzanja ndi nduna ya kunyumba yachifumu, ngati mlendo amene akulowetsedwa paukwati. Palibe womangidwa chingwe. Pakhoma analembapo mtulo, m'buku la alembi munali msonkho.

M'kati mwa Tsidya la Mtsinje munali kachigawo kakang'ono kotchedwa Yehud, kozungulira Jerusalem, monga momwe Chadiza alili m'kati mwa Chigawo cha Kum'mawa. Herodotus sakatchula n'komwe. Ofukula zakale anapeza zigwiriro za mbiya mazanamazana zodindidwa dzina la Yehud, zambiri mwa izo pa Ramat Rahel pafupi ndi Jerusalem, ndipo akatswiri ambiri amati m'mbiyazo munkasonkhanitsidwa vinyo ndi mafuta a boma. Mawu a anthu eni ake timawamva m'mutu wachisanu wa buku la Nehemiah. Kunali njala. Ena anapinyolitsa minda kuti apeze chakudya, ena anakongola ndalama kuti akhome msonkho wa mfumu, ena ana awo anali atatengedwa kale ukapolo chifukwa cha ngongole. Anthu amenewa simudzawapeza pakhoma la ku Persepolis.

Tsopano tibwere kwathu. Azungu asanafike, dera limene lero tikuti Chadiza linali m'manja mwa mafumu a Chichewa amene ankayang'ana kwa Undi. Likulu la Undi linali ku Mano, kumene tsopano ndi ku Mozambique, ndipo Undi woyambayo anachita kupatukana ndi Kalonga wa kunyanja, kutanthauza kuti naye likulu lake linayamba ngati dera lakutali la wina. Akatswiri a mbiri ya ufumuwu, monga Harry Langworthy, anafotokoza zimene zinkapita ku Mano: mnyanga wa njovu umene unagunda pansi njovuyo itagwa, zikopa za mikango ndi akambuku, nthenga zofiira za mbalame, makasu ndi chakudya. Mnyanga wapansi unali wa mwini dziko, wapamwamba unali wa mlenje. Kuchokera ku Mano kunkabwera nsalu ndi mikanda imene Undi ankapeza pa malonda, kunkabwera chiweruzo cha milandu imene inakanika kumudzi, ndiponso miyambo ya mvula imene anthu ankaikhulupirira.

Dzina laufumu lenilenilo limanena nkhani yonse. Timati Kalonga Gawa Undi. Gawa ndiye wogawa. Mfumu inapatsidwa dzina limene limaikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti zimene zalowa m'nkhokwe yake ziyenera kutulukanso. Makolo ankati kupatsa n'kuika, ndipo mtulo unali kuika kwa mtundu umenewo. Wotula ankasungitsa, ndipo chaka cha njala anali ndi pakamwa pofunsira.

Sindikufuna kuti muganize kuti nthawi imeneyo inali ya mkaka ndi uchi. Mfumu yaing'ono yokana kutula inkatha kutumiziridwa nkhondo. Kunali ukapolo, ndipo anthu ankagulitsidwa. Ndiponso mgwirizanowo unagwira pokhapokha pamene Undi anali ndi chogawa chimene ena analibe. Apwitikizi atayamba kukumba golide m'dera la Mano m'zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pake Achikunda atadzaza dziko ndi mfuti zosakira njovu, mafumu a kutali anaona kuti nsalu angathe kuipeza okha kwa amalonda osadzera kwa Undi. Mnyanga wapansi unayamba kusochera panjira. Pamene Angoni a Mpezeni ankakhazikika kufupi ndi kumene lero kuli Chipata, ufumuwo unali utafooka kale, ndipo midzi yambiri ya Achewa inasankha pakati pa kugonja, kuthawira kumapiri ndi kudzitchinga m'malinga.

Kenako kunabwera Darius wathu. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire, ndipo mzere wawo unadula dziko la Undi n'kusiya Mano tsidya lina, ife tsidya lino. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Fort Jameson inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa British South Africa Company, ndipo malo aakulu ozungulira anali m'manja mwa North Charterland Exploration Company. Patangopita zaka zochepa kunabwera msonkho wa nyumba, mashiling'i atatu pachaka.

Mashiling'i atatu amaoneka ochepa, koma taganizirani mudzi umene chuma chake ndi mapira, mbuzi ndi makasu. Mtulo unkaperekedwa ndi zimene dziko labala. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalamayo inali ndi munthu yemweyo amene ankaifuna. Njira yoipezera inali kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a azungu kufupi ndi Fort Jameson, kapena kuyenda pansi milungu ingapo kupita ku Salisbury, ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Msonkhowo unapangidwa dala kuti utulutse amuna m'midzi. Mawu akuti matchona anabadwira pamenepa. Kwathu palibe banja lopanda nkhani ya agogo aamuna amene anapita ku Walale osabwerako, n'kusiya agogo aakazi akulima okha. Mfumu ya m'mudzi, imene kale inali yolandira ndi kugawa, inasanduka yothandiza mesenjala kuwerenga nyumba. Mvula igwe, isagwe, mlingo unali womwewo. Pambuyo pake kunabwera chitupa, ndipo n'zosadabwitsa kuti mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, chimodzi mwa zinthu zimene anthu ankatentha chinali zitupa.

Apa n'kosavuta kunena kuti mtulo unali wabwino, msonkho unali woipa, nkhani yatha. Ine sinditero. Mwini kantemba ali ndi chinthu chimodzi chimene tate alibe, ndicho sikelo. Mlingo ukaikika, wopereka amadziwa pamene ngongole yake yathera, ndipo amalandira kapepala. Mphatso ilibe malire. Ndani amanena kuti mphatso yakwana? Wolandira. Aliyense amene anayendapo m'maofesi kufuna chikalata, kapena amene anafunapo malo a pamsika, amadziwa kuti mawu akuti "ya drinki" ndi oopsa kuposa mtengo wolembedwa pakhoma, chifukwa sudziwa ngati wapereka zokwanira mpaka utaona nkhope ya winayo. Dziko la anthu mamiliyoni ambiri silingayende ndi minyanga ndi nthenga. Malipiro anga a uphunzitsi amachokera ku msonkho, ndipo sindichita nawo manyazi. Choipa cha msonkho wa atsamunda chinali chakuti sikelo yake inkayeza mbali imodzi yokha. Zochoka m'mudzi zinkawerengedwa mpaka nyumba yomaliza, koma zobwerera kumudzi panalibe wowerenga, ndipo sukulu zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi amishoni, monga a Dutch Reformed ndi a Katolika.

Chimene chimandipweteka ndi chimene tinachita titalandira ufulu mu 1964. Tinatenga mawu awiri aja n'kuwatembenuza. Pa nthawi ya Undi, chokwera chinkatchedwa mphatso ndipo chotsika chinali udindo wa mfumu, mpaka kulembedwa m'dzina lake. Masiku ano chokwera ndi udindo wa nzika, wokhala ndi lamulo ndi chilango, pamene chotsika chimatchedwa mphatso. Mjigo ukakumbidwa m'mudzi ndi ndalama za boma, amayi amayala zitenje pansi, kwaya imaimba, ndipo wolankhula amati bwana wakutiwakuti watipatsa madzi. Msewu wa Chipata kupita ku Chadiza unakhala nkhani ya pamsonkhano wa kampeni kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri unkanenedwa ngati chinthu chimene munthu wachifundo adzatichitira tikamuvotera. Sindikunena chipani chimodzi. Ndaona zitenje za mitundu yosiyanasiyana zikugawidwa pabwalo lomwelo, ndipo kuwomba m'manja kunali kofanana.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni ku Kanyama, ku Mtendere kapena ku Navutika mwina mukuti msonkho ndi nkhani ya anthu a pa ntchito ya pamwezi. Ayi ndithu. Pa zinthu zambiri zimene mumagula m'sitolo pali VAT ya 16 peresenti. Mukagula mayunitsi a foni mwakhoma. Kuyambira mu 2024, mukatumizira amayi anu ndalama pafoni pali kenakake kamene boma limadula. Basi ikadutsa pa toll gate, mtengo wake uli kale m'tikiti yanu. Mlimi wa ku Chadiza amakhoma pa sopo, pa malata, pa batire la wailesi, ndipo pamwamba pake chimanga chake, soya wake ndi thonje lake zimachoka m'dera pa mtengo umene iye sanauike. Munthu wotere akagwada kuthokoza mjigo, akuthokoza chenji yake yomwe.

Wina anganene kuti kuthokoza ndi mwambo wathu, ndipo ndikufuna kuphunzitsa ana mwano. Ndimaumva mtsutso umenewu, chifukwa inenso ndinaleredwa kulandira chinthu ndi manja awiri. Koma mwambo womwewo umasiyanitsa. Mlendo akakupatsa nkhuku umathokoza kwambiri. Mnansi akakubwezera khasu limene anabwereka umathokozabe, koma sumuvinira, ndipo likabwera lothyoka mpini umamuuza. Ulemu suletsa kuwerenga. Chimene chimaletsa kuwerenga ndi dzina lakuti mphatso, chifukwa palibe amene amayeza mphatso pamaso pa woipereka. Ndiye chifukwa chake andale amalikonda dzinali.

Nkhani ya Nehemiah ili ndi mbali ina imene imatikhudza ife ana a kumudzi okhala m'tauni. Iye anali mwana wa Yehud wogwira ntchito ku likulu, woperekera chikho kwa mfumu Artaxerxes ku Susa, ndipo anabwerera kwawo ngati kazembe cha m'ma 445 B.C. Msonkho wa mfumu sanauchotse, analibe mphamvu imeneyo. Anachita zinthu ziwiri zimene zinali m'manja mwake. Anakana kulandira chakudya chimene akazembe am'mbuyo ankatenga kwa anthu, kwa zaka 12 zonse. Ndipo anaitana olemera a mtundu wake womwe n'kuwakakamiza kubweza minda imene analanda pa ngongole. Apa ndi pamene nkhani imaluma. Amene ankatenga ana a osauka sanali asilikali a ku Susa. Anali anansi, opembedza m'kachisi mmodzi.

Kwathu zilinso chimodzimodzi. Likulu lili kutali, koma dzanja limene limafika m'nkhokwe kawirikawiri ndi la munthu wolankhula Chinyanja chabwino. Ndi uyu wa kaloba amene amakongoza mu January, chimanga chitatha m'nyumba, kuti adzalandire kawiri pokolola. Ndi uyu wa sikelo yopachika pamtengo amene amafika mu April ndi May, misika ya Food Reserve Agency isanatsegulidwe, pamene mlimi akufuna ndalama ya yunifolomu ndipo sangadikire. Ambiri mwa ogula amenewa ndi anzanga a msinkhu wanga, aphunzitsi, manesi ndi ogwira ntchito m'maofesi amene atenga ngongole kubanki kuti achite kabizinesi ka pambali. Sakuphwanya lamulo lililonse. Koma chaka chonga 2024, pamene chilala chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse, chimanga chimabwerera kumudzi pa mtengo umene wochilima sangaukwanitse. Ndipo pa Khirisimasi munthu yemweyo amafika ndi shuga ndi mafuta ophikira, n'kulandiridwa ndi nthungululu ngati wopatsa. Naye waphunzira kutembenuza mawu aja.

Ngakhale thumba la nshawa limene limandipeza pa Intercity kuchokera kwa azakhali anga ndi mtulo ndithu, ndipo ine ndine likulu lawo laling'ono. Iwo sanena mtengo. Koma onse awiri tikudziwa kuti mwana wawo akadzapambana mayeso, foni idzalira, ndipo ndalama imene ndidzatumize sindiyenera kuitcha chithandizo. Ndinadya kale.

Mwambo wa Kulamba, umene unatsitsimutsidwa mu 1984 ndipo umachitika kumapeto kwa August ku Mkaika m'boma la Katete, ndimaukonda pa chifukwa chimene ambiri sachitchula. Anthu amapita kukaona Gule Wamkulu ndi anamwali, ndipo n'zoyenera. Mu 2007 kunafika apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, ndipo kwa tsiku limodzi mzere wa 1891 uja unaoneka ngati wojambulidwa pamchenga. Koma pakatikati pa mwambowo pali mafumu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amene amabwera ndi mphatso komanso ndi mawu. Amanena za m'madera awo, mmene anthu akukhalira ndi mavuto amene alipo. Wotula amalankhula, wolandira amamvetsera. Pakhoma la ku Persepolis onyamula mphatso onse ali duu.

Boma la masiku ano lili ndi kanjira kake kofanana ndi kameneka. Mu 2022 ndalama za Constituency Development Fund zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo Chadiza ndi limodzi mwa maderawo. Makomiti a m'mawodi ndiwo amayenera kunena zimene anthu akufuna, kaya ndi kalasi, kaya ndi chipatala chaching'ono, kaya ndi fizi ya mwana wa kusukulu yogonera komweko. Ndalamayi ili ndi mlingo wodziwika, choncho mbali yotsika ija tsopano ikhoza kuikidwa pasikelo. Ndinapezekapo pa mwambo wina wotsegulira makalasi awiri omangidwa ndi ndalama zimenezi. Olankhula anali asanu ndi mmodzi, ndipo mawu akuti zikomo ndinasiya kuwawerenga. Mtengo wa nyumbayo sunatchulidwe. Mnyamata wina wa pa njinga yamoto, amene anaima kumbuyo pafupi ndi ine, anafunsa mnzake kuti kodi malata amenewa ndi a geji yanji, popeza akuoneka opyapyala kuposa a pa kantemba kake. Mnzakeyo anamugwira pamkono n'kumuuza kuti atsitse mawu, akuluakulu angamve.